Foni Yosapempha Kanthu

Gogo wina wa mumpingo mwathu, kuno kuchigwa cha Bwanje, amamanga foni yawo pansonga ya chitenje, pomwe amayi ena amamangapo ndalama. Ndi kafoni kamabatani kosuluka kale, ndipo iwo satha kuwerenga zomwe zimalembedwa pagalasi pake. Chomwe amadziwa n'chakuti kakalira, adine batani lakumanzere.

Ndinafika pakhomo pawo mu Januwale 2025, pa ulendo wathu wa mwezi ndi mwezi woyendera okalamba ndi odwala. Nditawayeza kuthamanga kwa magazi, makina anaonetsa 172 pamwamba ndi 101 pansi. Ndinawasiya apume kaye n'kuyezanso, koma sizinasinthe kwenikweni. Achipatala amatiphunzitsa kuti zikafika 140 pamwamba kapena 90 pansi, ndiye kuti zakwera. Ndinayamba mafunso athu a nthawi zonse. Mankhwala mukumwa? Anati eya. Mchere simukuchulutsa? Anaseka. "Mwanawe, mcherewo ndiugula ndi chiyani?" Nanga tulo mukugona? Pamenepo anakhala chete, n'kuyamba kumasula nsonga ya chitenje ija.

"Tandionera kanthu aka. Kapena kanafa."

Foni inali yabwinobwino. Moto unalimo, netiweki inalipo. Vuto linali lakuti mwana wawo wamwamuna yemwe ali ku Durban anali atatha miyezi isanu osaimba. Akamuimbira, inkangolira mpaka kuduka. Gogowo anati usiku ukafika amangotembenuka pamphasa, kuwerengera zomwe zingamugwere mwanayo: kaya ali m'ndende, kaya akudwala, kaya anafa kale ndipo anamuika ngati wopanda abale. "Njala ndimaidziwa," anatero. "Ya 2002 ndinaiona ndipo sindinafe. Koma kusamva za mwana sikuzolowereka."

Tonse tikukumbukira momwe nyengo imeneyo inalili. Mvula inadula kumayambiriro kwa 2024 chimanga chili m'chiuno, ndipo mu Malichi chaka chomwecho boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agweredwa ndi ngozi ya chilala. Izi zinadza pamwamba pa kugwa kwa kwacha, yomwe inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pofika Januwale nkhokwe zinali zitayera kale, anthu akudalira ganyu, maungu oyambirira ndi mango. Nthawi ngati imeneyi m'pomwe maso a mudzi wonse amaloza kwa amene ali kunja.

Tinamufufuza mwanayo kudzera mwa mnyamata wina wa mumpingo mwathu amene nayenso ali ku Durban. Panatha sabata ziwiri kuti amupeze. Anali moyo, ali bwinobwino m'thupi, koma ntchito ya zomangamanga yomwe ankagwira inali itatha, ndipo ankagona m'chipinda chimodzi ndi anzake anayi. Foni ya amayi ake ankaiona ikulira. Mawu omwe anamuuza mnyamata uja ndi awa: "Ndiyankhe kuti chiyani? Akandiuza kuti ufa watha, ine ndinena kuti bwanji?"

Choncho kuno mayi sakugona poganiza kuti mwana wafa, uko mwana sakugona poganiza kuti amayi akufuna ndalama zomwe alibe. Onse awiri amakondana, ndipo chowasiyanitsa sichinali mtunda wa pakati pa Ntcheu ndi Durban ayi. Anali manyazi.

Mlandu wanga womwe

Ndisanaloze chala mnyamata uja, ndiyambe ndadziloza ndekha. Ndili ndi mlongo wanga ku Johannesburg. Tsiku lina nditachoka kwa gogo aja ndinakhala pansi n'kuyamba kukumbukira nthawi zomwe ndinamuimbira chaka chathunthu. Mu Novembala, za feteleza. Mu Januwale, za fizi ya mwana. Mu Juni, kumuuza za maliro a azakhali athu ndi kufunsa kuti athandizapo zingati pa bokosi. Panalibe n'tsiku limodzi lomwe limene ndinaimba kungofuna kumva kuti wadzuka bwanji.

Iye anandiuzapo nthawi ina atabwera kudzaona kumudzi, koma ine ndinaziyesa nthabwala. Anati, "Achemwali, dzina lanu likaoneka pafoni mtima umandigunda. Ndimadziwa kuti mwina kwagwa zovuta, apo ayi kukufunika ndalama." Tinaseka tonse. Lero ndikamaganiza sindisekanso. Ndinali nditasandutsa dzina langa belu la mavuto m'thumba la mlongo wanga.

Sindikunena kuti kupempha n'kulakwa. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako, ndipo malume amene ali pantchito sangaone mbumba ikugona ndi njala iye n'kumadya. Ndalama zochokera kunja zapulumutsa mabanja ambiri m'boma lino, zafoletsa nyumba ndi malata, zaphunzitsa ana. Koma chibale chikangotsala pa Mukuru, Airtel Money ndi Mpamba, tsiku lomwe ndalama yasowa chimasowanso pogwira. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Ine ndaona kuti kuola sichioladi, koma chimakwiririka ndithu, mpaka ana osadziwa pomwe chili.

Nkhani ya matchona si yachilendo kuno. Agogo athu aamuna ambiri anapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, ena ku mafamu ndi m'matauni a ku Zimbabwe dzikolo likutchedwa Southern Rhodesia. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974, ndege yonyamula anthu obwerera kwawo itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70. Nthawi imeneyo kalata inkayenda masabata, imafikira pa adiresi ya sukulu kapena ya mishoni, ndipo aphunzitsi kapena akulu a mpingo ndiwo ankaiwerengera banja. Za maliro timamvera pa wailesi ya MBC, pa mauthenga achisoni. Ambiri mwa amene anatchona sanali anthu oipa mtima. Munthu ankati ndilemba kalata ndikapeza kangachepe kotumiza, mwezi n'kutha, chaka n'kutha, kenaka manyazi n'kukula kuposa mtunda. Lero tili ndi mafoni m'manja, koma matenda ake ndi omwewo.

Mwayi womwe Sabata limatipatsa

Ife Aadiventi tili ndi chinthu chimodzi chomwe sitinachione bwino. Dzuwa likalowa Lachisanu timasiya za malonda, za ngongole ndi za mitengo ya zinthu. Ngakhale ana athu amene anafooka m'chikhulupiriro ali kunjako amadziwa kuti amayi sangakambe za feteleza pa Sabata. Ndiye kuti foni ya pa Sabata masana ndi foni yomwe wachibale angaiyankhe mtima uli m'malo.

Ndinayesa ndi mlongo wanga uja. Ndinamutumizira uthenga Lachinayi kuti, "Achimwene, Sabata likudzali ndiimba cha m'ma 3 koloko. Kulibe maliro, sindikufuna kanthu." Tsikulo anayankha foni isanalire kawiri, komabe mawu ake anali odikira kuti nkhani yeniyeni ibwera liti. Ndinamuuza za mbuzi yathu yomwe inaswa mapasa, za kwaya ya achinyamata, za mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba ya malemu abambo womwe unagwa ndi mphepo. Ndinamufunsa zomwe wadya. Titatha mphindi zisanu anati, "Basi zomwezi?" Ndinati basi. Anakhala chete, kenaka anandiuza kuti wakhala akumva mutu kwa mwezi wathunthu ndipo maso amachita chidima. Akanakhala kuti ndinayamba ndi za fizi, sakananena zimenezo. Ndinamukakamiza kuti akayezetse, ndipo anamupeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, lomwenso linatenga abambo athu.

Kukonzekera kwake n'komwe timachita kale pa Lachisanu. Pamene mukuphika ndiwo za mawa ndi kusita zovala, tumani mwana akatchajitse foni pa sola ya pagolosale ndi kugula mayunitsi dzuwa lisanalowe. Nthawi ya pawotchi ya kuno ndi ya ku South Africa ndi imodzi, choncho kupangana ola sikuvuta. Kungoti dzuwa sililowera pamodzi: mu Disembala kuno timatseka Sabata cha m'ma 6 koloko, pomwe ku Cape Town kumakhala kukadali kowala mpaka cha m'ma 8. Amene ali ndi foni ya WhatsApp, uthenga wa mawu ndi wotchipa kuposa kuimba, ndipo ubwino wake ndi wakuti gogo osadziwa kuwerenga amatha kuumvetsera kangapo. Ndikudziwa agogo ena amene amauza mdzukulu kuti "tabwereza paja akusekapo."

Ena amafunsa ngati kuimba foni pa Sabata n'koyenera. Ine si m'busa, koma ndimaona chonchi: timayendera odwala ndi ofooka pa Sabata masana, ndipo palibe amatsutsa. Mwana amene ali yekha m'chipinda cha lendi ku Johannesburg, wosamva chinenero cha kwawo sabata yonse, ndi wofunika kuyenderedwa ngati wina aliyense. Mapazi sangafike, mawu angafike. Ngakhale Jese, potuma Davide kunkhondo ndi chakudya cha abale ake, sanangofuna kuti katundu afike. Anamuuzanso kuti akaone momwe alili ndipo abwere ndi mawu awo.

Za matenda tizinena zoona, ndipo msanga

Pa ntchito yanga yoyenda m'makomo, chomwe chimandipweteka kwambiri ndi kubisa. Mayi akudwala mwezi wachitatu, ana a pakhomo akuti, "Tisawauze a ku Joni, tingawadetse nkhawa." Foni imadzaimbidwa mayi atatsirizika. Wa kunja uja amabwera ndi ngongole ya basi, kudzaona mulu wa dothi, n'kumafunsa kuti bwanji simunanene. Funso limenelo silikhala ndi yankho, ndipo lapasula mabanja ambiri kuposa nkhani za minda.

Palinso mbali inzake, yomwe tiyenera kuivomera ngakhale ndi yochititsa manyazi. Ena amakuza matenda kuti ndalama ibwere msanga. Chimfine chimasanduka chibayo, malungo a mwana amasanduka "ali kayakaya". Wa kunja akazindikira kamodzi kuti ananamizidwa, tsiku la matenda enieni amayamba wakayika. Njira yosavuta ndi kujambula tsamba la buku la kuchipatala pomwe adokotala alemba, n'kutumiza chithunzicho. Ndalama ikabwera, nenani momwe yayendera: zakuti zinapita ku kabaza, zakuti ku mankhwala, zatsala zakuti. Munthu amene amanyamula njerwa dzuwa lonse kuti atumize kangachepeko ali ndi ufulu womva zimenezi popanda kuchita kufunsa.

Dziwaninso kuti matenda ena amayenda m'magazi a banja. Mukamuuza mwana wanu kuti achipatala akupezani ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, simukungomudandaulira. Mukumuchenjeza kuti nayenso akayezetse. Matenda awiriwa amatha kukhala m'thupi zaka munthu osamva kanthu, mpaka tsiku lomwe wagwa n'kufa ziwalo.

Kwa inu amene muli ndi wachibale yemwe amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya ma ARV, a chifuwa chachikulu, a khunyu kapena a shuga, ndipo akukonzekera ulendo, mulimbikitseni apite kaye kuchipatala komwe amalandirako akanene za ulendowo, atenge kalata yosamutsira ndi buku lake. Akafika, funso lanu pafoni lisamangokhala lakuti ntchito waipeza. Mufunseninso kuti mankhwala atsala a masiku angati ndipo akatha akatenga kuti. Taona achinyamata akubwera atatheratu, atanyamulidwa kuchokera m'basi, chifukwa anasiya mankhwala miyezi ingapo ndipo panalibe wowafunsa. Funso ngati limeneli limafuna ulemu ndi chinsinsi. Si lofunsa foni ili pa sipika, mudzi wonse ukumvetsera.

Ndipo mvetserani zomwe sizikunenedwa. Amuna athu analeredwa kuti mwamuna salira. Wina akayamba kuyankha mawu amodziamodzi, akamati "ndatopa nazo" kapena "muzisamala ana," musaseke kapena kumudzudzula. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipweteka, muimbireninso mawa lake, ndipo pezani munthu amene ali naye pafupi akamuone. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa gulu lapadera mu 2023 loona za vuto la kusungulumwa, litaona kuti kukhala wekha kumadwalitsa mtima ndi maganizo. Ife kumudzi tinkadziwa kale kuti kalikokha n'kanyama, kungoti tinkayesa kuti mwambiwu sukhudza amene ali m'tauni yodzaza anthu.

Kabuku ka manambala

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, kuno ku Ntcheu mabanja ambiri anatha masiku osadziwa ngati abale awo ali moyo. Magetsi anazima, mafoni anathera moto, ena anakokoloka ndi madzi. Ndinaona mayi wina akulira ali ndi foni m'manja, poti nambala ya mwana wake yokhayo ndi yomwe ankaidziwa ndipo sinkapezeka. Sankadziwa nambala ya mpongozi, ya mwini nyumba, ngakhale dzina la tchalitchi chomwe mwanayo ankapemphera. Zomwezi zinachitikanso mu Epulo 2015, pamene alendo ankathamangitsidwa ku Durban ndipo boma linatumiza mabasi kukatenga Amalawi: ambiri anathawa opanda foni.

Kuyambira pamenepo ndimalimbikitsa banja lililonse kukhala ndi kabuku. Kope la ana la masamba ochepa likukwana. Mulembemo dzina la wachibale aliyense amene ali kutali, dera lenileni lomwe akukhala, nambala yake, ndi nambala ya munthu wina mmodzi amene amaonana naye kawirikawiri. Kungoti "ali ku Joni" sikuthandiza, poti ena amene timati ali ku Joni ali ku Cape Town, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi kuchoka ku Johannesburg. Kabukuko kazikhala pamodzi ndi Baibulo kapena mabuku a kusikelo, mu pulasitiki, osati mufoni mokha. Foni imabedwa, imagwera m'chitsime.

Kabuku komweko kamatetezanso kwa akuba a pafoni. Uthenga ukabwera pa nambala yachilendo wakuti "ndine mwana wanu, ndamangidwa, tumizani ndalama pa nambala iyi," musathamangire kwa ajenti. Imbani nambala yomwe mukuidziwa, ikakanika imbani yachiwiri ija. Funsani chinthu chomwe wakuba sangachidziwe, monga dzina lomwe agogo ankamutchula ali mwana. Akubawa amadalira mantha ndi changu, ndipo amakolola kwambiri m'mabanja omwe atha miyezi osalankhulana, momwe mayi sadziwanso kuti mwana ali pati.

Mpingo nawo uli ndi gawo lake. M'mabuku a alembi athu muli mayina a anthu olembedwa kuti anasowa, koma ukafunsa kumudzi umapeza kuti amayi awo amakhala kutsogolo pa Sukulu ya Sabata. Sanasowe, anangosamuka popanda wowatsatira. Wachinyamata akamanyamuka, akulu a mpingo amuthandize kudziwa tchalitchi chathu chomwe chili pafupi ndi komwe akupita, ndipo kalata yake ya umembala imutsatire. Mnyamata amene anatipezera mwana wa gogo uja anatha kutero chifukwa Amalawi a kumeneko amakumana pa Sabata n'kufunsana za kumudzi. A Dorika akamayendera okalamba, afunsenso kuti ana anaimba liti, ndipo amene ali ndi foni yabwinopo abwereke kwa mphindi zingapo.

Tisaiwale a pafupi

Tikamakamba za abale akutali maganizo amathamangira ku South Africa, koma ena ali kutali ali pafupi. Alipo amene anapita ku matenanti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji, atsikana ogwira ntchito m'nyumba ku Lilongwe, ndi abale athu a tsidya lina la msewu. Ku Lizulu ndi ku Tsangano malire a Malawi ndi Mozambique ndi msewu chabe, ndipo mabanja ambiri a Angoni ali mbali zonse ziwiri. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, anthu a ku Angonia anathawira kuno n'kukhala pakati pathu zaka zambiri. Amene anali ndi abale omwe ankayenderana nawo kale sanagone panja. M'zaka zina za njala ndife amene tawolokera komweko kukasuma chimanga, ndipo khomo lomwe umagogoda mosachita manyazi ndi lomwe unapitako kukapepesa maliro kapena kukaona mwana wobadwa kumene. Kwa abale amenewa sipafunikanso bandulo. Tsiku la msika pamakhala wina wochokera kumudzi kwawo amene angatenge moni wanu, ndi kamtolo ka masamba ngati kalipo.

Gogo aja tinawakonzera kuti alankhule ndi mwana wawo pa Sabata lina mu Febuluwale, titaweruka ku mapemphero. Mnyamata wa ku Durban uja anapita kukakhala naye pamodzi kuti asathawe foni. Ndinali nditawapempha gogowo kuti asatchule za ufa, ndipo anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ine ufa ndautchula liti?"

Foni italira anadina batani lakumanzere lija, n'kumutchula mwanayo dzina lake la paubwana. Kumbali inayo kunali zii, kenaka tinamva munthu wamkulu akusisima. Anayamba kupepesa kuti alibe kanthu kotumiza. Gogo anamudula. "Ndakufunsa za kanthu? Ndikufunsa iwe. Ukudya? Chifuwa chija chinasiya?" Ife tinatuluka panja kuti alankhulane okha.

Mwezi wotsatira nditawayeza, makina anaonetsa 150 pamwamba ndi 92 pansi. N'zokwerabe, ndipo ndinawauza kuti mankhwala asasiye komanso tsiku lawo la kuchipatala asaphonye. Tulo akuti akugona. Mwanayo ntchito yokhazikika sanaipezebe, ndipo ndalama anatumizapo kamodzi kokha, yochepa. Koma Lachisanu lililonse masana mdzukulu amaoneka akuthamangira kugolosale ndi kafoni kamabatani kaja, gogo akukuwa kumbuyo kuti auze mwini sola asakachotse kasanadzaze.